Musanagule galimoto yamagetsi, tengani pepala muwerengere izi

Galimoto yamagetsi ilibe paipi yotulutsa utsi, koma zimenezo pazokha sizikutsimikizira kuti ikuyenerani, kapenanso kuti siwononga chilengedwe. Phindu lake limatsamira pa zinthu zitatu zomwe mungaziwerengere muli khale pakhomo: komwe muzikaitchajira, chomwe chimapanga magetsi omwe muzikatchajirawo, ndi kukula komanso thanzi la batire. Zitatuzi zikakhala bwino, galimotoyi imaposa ya petulo pafupifupi pa chilichonse. Chimodzi chikavuta, mukhoza kugula mtolo wa mavuto.

Yambani ndi makilomita anu

Thanki timaiyeza ndi malita, batire timaliyeza ndi kWh. Galimoto yamagetsi yapakatikati imadya pakati pa 15 ndi 20 kWh pa makilomita 100 aliwonse. Kwa masabata awiri, muzilemba nambala ya makilomita pa galimoto yomwe muli nayo pano m'mawa ndi madzulo, kuti mudziwe mtunda womwe mumayendadi, osati womwe mumaganiza. Munthu woyenda makilomita 40 patsiku amafunika 7 kWh basi. Batire la 40 kWh limukwanira ndi kutsala, ngakhale atamalitchaja kufika pa 80% yokha n'kusalilola kutsika pansi pa 20%, chifukwa mpata umenewo uli ndi 24 kWh, omwe ndi makilomita pafupifupi 130.

Mtunda womwe kampani yalemba pa kabuku musaukhulupirire wonse. Amauyeza mofatsa, pa liwiro losakanikirana, kunja kusakuzizira. Chotsanipo gawo limodzi mwa magawo asanu ndipo mukhala pafupi ndi zoona. Chomwe chimadya batire kwambiri ndi liwiro. Mphepo yomwe galimoto imalimbana nayo sikula mofanana ndi liwiro ayi: mukathamanga kawiri, mphamvu yokukankhirani m'mbuyo imakula kanayi. N'chifukwa chake galimoto yomwe imayenda makilomita 300 m'tauni imatha kulephera kukwanitsa 220 mukaiponda pa 120 mumsewu waukulu. Apa zinthu zimatembenuka poyerekeza ndi za petulo. Galimoto yamagetsi imasunga mphamvu m'tauni, chifukwa ikaima pa mzere sidya kanthu, ndipo mukachotsa phazi pa moto mota imasanduka jenereta n'kubwezera magetsi m'batire. Kuzizira nako kumachepetsa mtunda, chifukwa kulibe injini yotentha yoti ikufunditseni, kutentha konse kumachokera m'batire momwemo. Kulemera kwa katundu, chikwere komanso matayala osapopedwa bwino zimadyanso gawo lake.

Kotchajira

Nkhani yaikulu yagona pano. Amene ali ndi malo oimika galimoto usiku pafupi ndi magetsi ake amadzuka tsiku lililonse batire lili ndi moto, osapitanso kokathira mafuta. Amene alibe malo otere amadalira zotchajira za m'misewu, zomwe magetsi ake amakhala okwera mtengo, nthawi zina pamakhala mzere, nthawi zina mumapeza zafa. Ngati muli m'gulu lachiwirili, ganizani kawiri.

Soketi wamba ya 230V, pa 10A, imapereka 2.3 kW. Pa maola 10 ndiye kuti 23 kWh, koma gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kuposerapo pang'ono limatayika ngati kutentha, choncho m'batire mumalowa pafupifupi 20 kWh, makilomita 110 kapena chapompo. Kwa ambiri zimenezi n'zokwanira. Vuto n'lakuti soketi ya m'nyumba sanaipangire kunyamula katundu wolemera usiku wonse, tsiku ndi tsiku. Ketulo imakoka moto wambiri, koma kwa mphindi zitatu zokha. Galimoto imakoka kwa maola khumi osapuma. Waya ukakhala kuti sanaumange zolimba kumbuyo kwa soketi, pamalo pamenepo pamatentha, pulasitiki imafewa, kukhudzana kumacheperachepera, kutentha n'kumawonjezeka, mpaka moto kubuka. Masiku oyamba, pakatha ola limodzi mukutchaja, gwirani pulagi ndi chivindikiro cha soketi. Kufunda pang'ono si vuto. Ikamawotcha dzanja, ikamanunkha pulasitiki, kapena mukaona kuderako mozungulira timabowo, zimitsani ndipo itanani wodziwa zamagetsi. Zingwe zambiri zotchajira zili ndi batani lochepetsera moto kufika pa 8A kapena 6A. Ligwiritseni ntchito ngati mawaya a nyumba ndi akale. Chingwe cholumikizira chija chokhala ndi masoketi angapo musachiyese n'komwe, makamaka chikakhala chokulungidwa, chifukwa kutentha kumaunjikana m'kati mwa mkulungowo.

Njira yabwino ndi tchaja yomangirira pakhoma. Yofala kwambiri imapereka 7.4 kW pa 32A, ndipo batire la 60 kWh imalidzaza pa maola 8 kapena 9. Imafunika waya wakewake wochokera pa bokosi la mabuleka, wosagawana ndi china chilichonse. Kawirikawiri amaika waya wa 6 mm², ndipo mtunda ukatalika amakweza kufika pa 10 mm² kuti moto usafookere m'njira. Pamafunikanso buleka yake, waya wa pansi womwe wayezedwa ndi chida osati kungouyang'ana, ndi chitetezo cha RCD, kaswitchi kamene kamadula magetsi akayamba kudontha, monga munthu akagwidwa ndi shoko. Pa RCD pamenepa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Galimoto ikhoza kudontheza magetsi a DC, omwe ndi mtundu wa magetsi a m'batire, kubwerera m'mawaya, ndipo magetsi amenewa amagonetsa RCD wamba moti sidumphanso ngakhale munthu atagwidwa ndi shoko. Pamafunika RCD ya mtundu wa B, kapena ya mtundu wa A ngati tchajayo ili ndi chozindikira DC cha 6 mA m'kati mwake. Funsani wokuikiraniyo kuti waika iti, ndipo akuonetseni. Onaninso mphamvu yomwe nyumba yonse imalandira. Ngati malire ake ndi 60A, tchaja yatenga 32, ndiye mukayatsa chitofu ndi chotenthetsera madzi osamba nthawi imodzi, nyumba yonse ithima. Matchaja ena amatha kudzichepetsa okha akaona kuti nyumba ikukoka moto wambiri.

Musagule tchaja yaikulu musanadziwe malire a galimoto yanu. Magetsi a m'nyumba ndi a AC, batire limafuna DC, ndipo chosinthiracho chili m'galimoto momwemo. Ngati chosinthira chake n'cha 3.3 kW, monga pa Nissan Leaf zina zakale, ngakhale mutailumikiza ku tchaja ya 22 kW izingotenga 3.3 yomweyo.

Zotchajira zachangu za m'misewu zimadutsa chosinthira chija n'kuthira DC mwachindunji, kawirikawiri kuyambira pa 50 kW mpaka 350 kW. Zimathamanga batire likakhala lotsika, koma likafika cha m'ma 80% galimoto imachepetsa yokha moto poteteza maselo, timabatire ting'onoting'ono tomwe timapanga batire lalikululo, moti kuchoka pa 80 kufika pa 100 kumatha kutenga nthawi yofanana ndi kuchoka pa 20 kufika pa 80. Pa ulendo wautali ndi bwino kuima kawiri mwachidule kusiyana n'kudikira kuti lidzaze.

Mapulagi nawo ndi osiyana malinga ndi msika womwe galimotoyo anaipangira. Za ku Japan zambiri zimabwera ndi Type 1 ndi CHAdeMO, za ku Europe ndi Type 2 ndi CCS2, zogulitsidwa m'dziko la China ndi GB/T. Kusintha pulagi ya AC n'kosavuta, koma zosinthira za DC n'zodula ndipo sizigwirizana ndi tchaja iliyonse. Tsegulani kachitseko kotchajira muone ndi maso, kenako yerekezani ndi zotchajira zomwe zili m'njira zomwe mumayenda.

Komwe magetsi amathimathima, sola ingathandize, ndipo masamu ake ndi apafupi. M'madera a dzuwa lambiri, mapanelo a 1 kW amapereka 4 kapena 5 kWh patsiku, choncho wa makilomita 40 uja mapanelo a 2 kW amukwanira. Msampha wake ndi woti dzuwa limawala masana, nthawi yomwe galimoto ili ku ntchito. Pokhapokha ngati imaima pakhomo masana, mufunika batire lina la m'nyumba losungira mphamvuyo. Kutchajira pa jenereta ya dizilo n'kotheka pa ngozi, koma kukakhala kwa masiku onse ndiye kuti mwangosamutsa utsi kuchoka pa msewu kupita kuseri kwa nyumba.

Batire

Mitundu yofala ndi iwiri. NMC ili ndi nickel, manganese ndi cobalt. Imasunga mphamvu yambiri pa kilogalamu iliyonse, koma sikonda kukhala yodzaza nthawi yaitali. LFP, yomwe kampani ya BYD ndi ena amagwiritsa ntchito kwambiri, ilibe cobalt kapena nickel, ndi yolemererapo, imapirira kutchajidwa kambirimbiri ndipo sigwira moto msanga. Ya NMC muziitchaja kufika pa 80% masiku wamba, 100% mukakhala ndi ulendo basi, ndipo muzinyamuka ikangodzaza. Ya LFP imafuna kufika pa 100% mwa apo ndi apo, mwina kamodzi pa sabata, kuti kompyuta ya batire isasokonezeke powerengera moto wotsala. Mdani wa mitundu yonse iwiri ndi kutentha. Batire lodzaza, loimikidwa padzuwa masiku angapo, limakalamba msanga. Mukachoka kwa mwezi, lisiyeni lili cha pa theka, pa mthunzi.

Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, makilomita a pa dashibodi sanena zambiri. Chofunika ndi nambala yotchedwa SOH, yomwe imasonyeza mphamvu yomwe batire latsala nayo poyerekeza ndi pomwe linali latsopano. Leaf, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2010 ndi batire la 24 kWh, imaonetsa timizere 12 ta thanzi, ndipo koyamba kamazimirira batire likatsika kufika cha m'ma 85%. Timizereti ogulitsa achinyengo amatha kutibwezeretsa ndi kompyuta kwa kanthawi, choncho musadalire ito tokha. Lumikizani kachida ka OBD2, kowerengera kompyuta ya galimoto, pansi pa chiwongolero, muwerenge SOH ndi pulogalamu ya pa foni monga LeafSpy, muonenso kusiyana kwa maselo. Batire lili pa theka, maselo athanzi amasiyana ndi ma mV (tizigawo ting'onoting'ono ta volti imodzi) ochepa kapena makumi ochepa. Selo limodzi likatsalira kutali ndi anzake, ndilo lizilamula batire lonse, chifukwa galimoto imaima selo lofooka kwambiri likatha, ngakhale ena akadali ndi moto. Mukatero yendani nayo makilomita 30 kapena 40, mukwere chitunda mutaiponda, muone ngati nambala ya moto wotsala ikugwa mwadzidzidzi. Funsaninso mmene batirelo limaziziritsidwira. Leaf zakale zilibe madzi oziziritsa batire, n'chifukwa chake m'mayiko otentha zimafooka msanga kuposa magalimoto okhala ndi madziwo. Makampani ambiri amalonjeza kusintha batire likatsika pansi pa 70% zisanathe zaka 8 kapena makilomita 160,000, koma lonjezoli nthawi zambiri silitsatira galimoto ikatumizidwa kunja kwa msika womwe inagulitsidwa.

Kwa makaniko

Oyilo wa injini, masipaki pulagi, lamba wa taimingi, kilatchi, paipi ya utsi, zonsezi palibe. Mota ili ndi ziwalo zochepa zoyenda, ndipo ambiri mwa magalimotowa ali ndi giya imodzi yokha. Uwu ndi ubwino weniweni, ndipo umaoneka m'thumba chaka ndi chaka. Zotsala ndi matayala, mashoko, mafuta a mabuleki, madzi oziziritsa ndi sefa ya mpweya wa m'kati. Matayala amatha msanga, chifukwa batire limawonjezera makilogalamu 300 mpaka 500 ndipo mota imapereka mphamvu yonse pongonyamuka. Gulani olembedwa kuti amanyamula kulemera koyenera. Mabuleki amakhalitsa chifukwa mota ndiyo imachepetsa liwiro, koma kusagwira ntchitoko kumachititsa dzimbiri, choncho kamodzi pa sabata pondani buleki mwamphamvu pamalo opanda anthu.

Chomwe chimaimitsa magalimoto amagetsi ambiri m'mawa si batire lalikulu ayi, koma kabatire ka 12V, kofanana ndi ka galimoto iliyonse. Ndiko kamayatsa makompyuta ndi maswitchi olumikiza batire lalikulu. Kakafa, galimoto siyankha ngakhale batire lalikulu lili lodzaza. Muzikayeza chaka chilichonse.

Mawaya okutidwa ndi mtundu wa lalanje amanyamula 400V, ena 800V, ndipo amapha. Makaniko yemwe sanaphunzire za magalimoto amenewa asawakhudze. Galimoto ikafa panjira musaikoke ndi chingwe matayala oyendetsa ali pansi, chifukwa mota ikamazungulira imapanga magetsi omwe angawotche zida. Inyamuleni pa lole. Ikagunda mwala pansi kapena ikamira m'madzi, makamaka a mchere, iimikeni panja kutali ndi nyumba mpaka itayezedwa. Magalimoto amagetsi sayaka kawirikawiri kuposa a petulo, koma batire likagwira moto selo limodzi limayatsa linzake, pamafunika madzi ochuluka zedi, ndipo limatha kuyakanso patapita maola kapena masiku.

Nanga chilengedwe?

Apa ndi pomwe mbali zonse ziwiri zimakokomeza, choncho tiwerengere limodzi. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu 2.3 a carbon dioxide. Galimoto yodya malita 7 pa makilomita 100 imatulutsa makilogalamu 16, ndipo mukaphatikiza kukumba, kuyenga ndi kunyamula mafutawo zimafika cha m'ma 20. Yamagetsi imatenga pafupifupi 20 kWh kuchoka pa mita pa mtunda womwewo. Magetsi a malasha amatulutsa pafupifupi kilogalamu imodzi pa kWh, ndiye kuti makilogalamu 20, kungofanana ndi petulo. Magetsi a gasi amatulutsa theka la zimenezo, makilogalamu 9 kapena 10. Magetsi a madzi, mphepo kapena dzuwa safika ngakhale kilogalamu imodzi pa makilomita 100 amenewo. Galimoto yomweyo, ikakhala ku Norway komwe magetsi ambiri ndi a madzi, ndi yaukhondo kwambiri, ndipo kumeneko magalimoto atsopano pafupifupi 9 mwa 10 ogulitsidwa mu 2024 anali amagetsi. Ikakhala komwe magetsi onse ndi a malasha, phindu lake limatsala la mpweya wabwino m'misewu ya m'tauni basi, lomwe silochepa kwa mapapo a anthu, koma si lomwe ambiri amaganiza. Fufuzani kwa kampani yanu ya magetsi kuti amachokera kuti.

Kuwonjezera apo, galimoto yamagetsi imabadwa ndi ngongole. Kupanga batire kumadya mphamvu yambiri, ndipo la 60 kWh limasiya matani angapo a carbon dioxide galimoto isanayende n'komwe. Tiyerekeze kuti ndi matani 5. Pa magetsi a madzi mumapulumutsa makilogalamu 19 pa makilomita 100, ndipo ngongoleyo imatha pa makilomita pafupifupi 26,000. Pa magetsi a gasi imatha cha pa 50,000. Pa malasha okhaokha mwina singathe n'komwe. Masamu omwewa akusonyeza zinthu ziwiri zomwe otsatsa malonda sakonda kunena. Batire la 100 kWh m'galimoto yoyenda makilomita 40 patsiku ndi ngongole yaikulu yopanda chifukwa. Ndipo amene amayenda pang'ono kwambiri pachaka sathandiza chilengedwe kwenikweni potaya galimoto yabwinobwino n'kugula yatsopano. Amene amathandiza kwambiri ndi oyenda mitunda yambiri tsiku lililonse, monga matakisi, mabasi ndi magalimoto operekera katundu.

Migodi ndiye bala lenileni. Dziko la Democratic Republic of Congo limakumba cobalt woposa magawo awiri mwa atatu a dziko lonse lapansi, ndipo m'madera monga Kolwezi gawo lina limakumbidwa ndi manja m'maenje osatetezeka, momwe mwapezekamo ndi ana omwe. Lithium wambiri amachokera m'miyala ya ku Australia, wina ku chipululu cha Atacama ku Chile, komwe amapopa madzi a mchere apansi panthaka n'kuwayanika m'madamu kwa chaka kapena kuposerapo, m'dera lomwe madzi ndi osowa kale. Nickel woposa theka amachokera ku Indonesia, komwe nkhalango zagwetsedwa pa chilumba cha Sulawesi ndipo ng'anjo zambiri zoyengera zimayendera malasha. Wogula angachitepo kanthu posankha batire la LFP, lomwe limachotsa cobalt ndi nickel pa nkhaniyi, komanso posankha laling'ono. Komabe poyerekeza tisaiwale mbali inayo. Galimoto ya petulo ija, pa makilomita 200,000, imawotcha malita 14,000, omwe ndi matani oposa 10 a mafuta, ndipo palibe dontho lomwe lingabwezedwe. Lithium wa m'batire la 60 kWh sapitirira makilogalamu 10, ndipo amakhalabe momwemo batire likatha.

Zina magetsi sazithetsa. Fumbi la matayala limapitabe m'mpweya ndi m'mitsinje, ndipo galimoto yolemera imalitulutsa lambiri. Mzere wa magalimoto mumsewu sufupika, malo oimikapo sachepa. Basi imodzi yodzaza, ngakhale ya dizilo, imatenga malo ochepa kwambiri mumsewu kuposa magalimoto amagetsi 40 onyamula munthu mmodzimmodzi, ndipo njinga yamagetsi ili ndi batire losakwana 1 kWh. Kwa amene alibe kotchajira kodalirika, haibulidi wamba (galimoto yokhala ndi injini ya petulo ndi mota yamagetsi pamodzi) monga Toyota Prius, yomwe ilipo kuyambira 1997, imachepetsa mafuta kwambiri m'tauni ndi kabatire kakang'ono, osafunanso soketi. Haibulidi yotchaja pa soketi imathandiza pokhapokha ngati mukuitchajadi tsiku lililonse. Mukapanda kutero ndi galimoto ya petulo yonyamula katundu wakufa.

Batire likafooka moti silikukwaniranso maulendo anu, silinafe. Lomwe latsala ndi 60 kapena 70% limagwirabe ntchito zaka zambiri posunga magetsi a sola, komwe kulemera si vuto, bola aliike akatswiri ndi kompyuta yoyang'anira maselo. Nthawi zina vuto limakhala gulu limodzi la maselo, ndipo kusintha gululo kumabwezeretsa galimoto pamsewu popanda kugula batire lonse. Likatheratu, mafakitale amaliphwanya n'kutulutsamo mkuwa, nickel, cobalt ndi lithium, koma mafakitale amenewa akadali m'mayiko ochepa, ndipo kunyamula batire lowonongeka kuwoloka malire kuli ndi malamulo okhwima chifukwa cha ngozi ya moto. Choncho funso loti adzalandire batire lakale ndani mulifunse kwa wogulitsa tsiku lomwe mukugula, ndipo yankho lake lilembedwe pa pepala la mgwirizano.